Mbale Yanga ya Maluwa Ili kwa a Zgambo

Sekani, sekani ndithu, mano ndi anu. Iwe wa chipewa chofiira, ndakuona ukugunda mnzako ndi chigongono pamene ndimatsika panjinga, ndipo ndamva zimene wanong'ona, zoti sikelo ya wogula soya ndingaithyole ndi mwendo umodzi. Sunaname, ndingaithyole. Koma ngati pamzere pano pali wina amene akuganiza kuti ine Phiri sindidziwa kuchepetsa thupi, atsitse thumba lake, alikhalire, atsegule makutu, poti wogula soyayo sanafike ndipo nthawi tili nayo. Kuyambira kuno ku Mwase Lundazi mpaka ku Kasungu kwathu, kumene ndinachoka ndili mnyamata kudzagwira ntchito m'minda ya fodya, palibe munthu anaondapo monga ndinaondera ine. Ndalumbira pali malemu amayi anga.

Mimba mukuionayi ndi mwana chabe, muyenera kuti munaona mayi wake. Masiku amenewo, Lamulungu mimba yanga inkafika kutchalitchi nyimbo yoyamba isanayambe, n'kupereka moni kwa akulu a mpingo, n'kudzipezera malo pabenchi, ine mwiniwake n'kumatulukira pakhomo nthawi ya chopereka. Ndikati ndikwere minibasi ya ku boma, kondakitala ankayamba watsitsa matumba onse a chimanga, n'kuuza anthu kuti aunjikane mbali imodzi ine ndikhale mbali inayo, komabe galimoto inkayenda ndi matayala awiri okha, enawo akuzungulira m'mwamba mpaka ku Lundazi. Nyengo yomanga fodya, m'mudzi mwathu munalibe wobwereka jeke, ankangoti kaitaneni a Phiri adzakhalire, ndipo belo limene ndalikhalira linkatuluka lophwatalala mwakuti ogula fodya analibweza kuti ichi ndi chitseko, ife tikugula fodya. Tsiku lina ndikupita kumaliro ku Kasungu ndinaima pamalire kuti ndipume, mimba ili ku Malawi, msana uli ku Zambia, asilikali a mbali ziwiri anakangana mpaka dzuwa kupendeka kuti andifunse chiphaso ndani. Mukumva? Lamba wanga anapha ng'ombe ziwiri, ndipo ankamangika pabowo lomaliza.

Zonsezo inali ntchito ya manja a mkazi wanga, NyaMtonga, mayi a Tiyezge. Anyamata inu mwakwatira akazi ophikira pafoni, simungadziwe. Mayi ameneyo akatendera nkhwani, mbuzi za anthu zinkadula zingwe. Akaphika nkhuku ya chikaya, ya kumudzi yeniyeni, atambala otsala pabwalo ankachita kukankhana kuti mawa agwidwe iwo. Ndipo anali ndi mbale imodzi ya maluwa ofiira, yachivundikiro, imene tinagula ku boma chaka chimene tinakwatirana, mbale yosadyeramo mwana, yosadyeramo mlendo, ngakhale abusa anabwera n'kudyera ina. Inali yanga ndekha. Ankabwera nayo, n'kugwada, n'kuvundukula, ndipo ngati kwaphedwa nkhuku, pamwamba penipeni pamakhala nthutumba, poti nthutumba ndi ya mwini khomo, izo ngakhale iwe wa chipewa chofiira ukudziwa. Akapita kumjigo ankayenda mutu uli m'mwamba, anzake akuti, a Phiri akusungidwa bwino. Kuno mimba ya mwamuna ndiyo mbiri ya mkazi, ndiye mbiri ya NyaMtonga inkaoneka munthu ali patali.

Ndiye kunabwera a Zgambo. Ptu! Ngakhale dzina lake limandiwawa m'kamwa. Munthu ameneyo anali wa gemu ku Lukusuzi, wolondera nyama, ndiye atapuma ntchito, mkazi wake atamwalira, dziko lonse lalikululi anaona kuti malo abwino omangapo nyumba ndi kuseri kwa mpanda wanga wa nkhadze. Munthu wowuma, wamtali, wa msinkhu wanga ndithu, tinabadwa chaka chimodzi, koma m'chiuno ngati mavu. Mwana wake wa ku Chipata anamutumizira nsapato zoyera zothamangira ndi wotchi ina yake yoti akuti imamva mtima ukamagunda, basi, mudzi unasokonekera. M'mawa uliwonse dzuwa likungotuluka, psiti psiti psiti, nsapato zoyera kudutsa pakhomo panga, munthu wamkulu kuthamanga osathamangitsidwa ndi chilichonse, amayi osesa m'makomo kuimika matsache n'kumamuperekeza ndi maso mpaka akakhote pamtengo wa muwanga. Ine ndinkangoseka kuti amene wapengayu achibale ake ali kuti.

Kukiliniki, tsiku loyeza kuthamanga kwa magazi, anesi anandimanga chinthu chawo chija pamkono, chinaphulika, anabweretsa china, chinaphulikanso, ndiye pamaso pa anthu onse anati ndichepetse mchere, mafuta ndi shuga, ndiziyenda, nditengere chitsanzo a Zgambo. Zimenezo ndinameza, anesi amalipidwa kuti azilankhula. Chimene chinandikanika kumeza chinachitika pakhomo panga pomwe. M'mawa wina ndili pakhonde, NyaMtonga akusesa, a Zgambo akudutsa n'kuponya moni wawo uja wa “Monire amama,” ndipo mkazi wanga anayankha “Yewo” ndi mawu ena ake ofewa amene ine ndinawamva komaliza ndikumufunsira. Kenako anatsamira tsache, n'kumuyang'ana mpaka pamuwanga paja.

“Yayi, a Zgambo ndi mnyamata ndithu,” anatero. “Taonani m'chiuno umo, lamba akuchita kutsala. Inu bambo a Tiyezge, zala zanu za kumapazi munaziona liti?”

Anaseka, n'kupitiriza kusesa. Iye anaiwala pomwepo, ine ayi. Nsanje inandigwira, abale, sindibisa. Inayambira pachifuwa, n'kutsikira m'mimba, ndipo poti m'mimbamo munali malo ambiri inayala mphasa n'kugona. Zaka zonsezi mkazi ameneyu wandinenepetsa yekha ndi manja ake, lero akuyamikira chiuno cha mwamuna wina? Ndinalumbira mumtima kuti ndionda kuposa Zgambo, ndithamanga kuposa Zgambo, mpaka tsache limenelo lidzaimikidwe chifukwa cha ine. Koma sindinamuuze. Mwamuna wamkulu angatsegule pakamwa n'kuuza mkazi wake kuti ndikusala kudya chifukwa cha chiuno cha mwamuna mnzanga? Bola kufa.

Masana a tsiku lomwelo anabwera ndi mbale ya maluwa ija, anagwada, anavundukula, nthutumba ili pamwamba ikundiyang'ana, ine kuiyang'ana, malovu atadzaza m'kamwa mpaka kumbuyo kwa makutu. Ndinavundikira ndekha n'kuikankha. “Ndakhuta,” ndinatero. Anandiyang'ana ngati ndamutukwanira amayi ake, anatola mbale n'kupita. Mawa lake chimodzimodzi, ndakhuta. Mkuja wake, ndakhuta.

Nanga ndinkadya chiyani? Funsani, ndi funso labwino. Poyamba ndinkathyola masamba a nkhwani n'kuwiritsa ndekha kumunda opanda mchere opanda nsinjiro, kudya, mpaka mbuzi za m'mudzi zinayamba kundizonda kuti uyu watilowerera. Wina anandiuza kuti madzi ofunda a mandimu amasungunula mafuta, ndinamwa mandimu onse a kuno n'kulowera ku Mphamba, mpaka mitengo ya mandimu ikandiona ndikubwera inkabisa zipatso pansi pa masamba. Nditaona kuti thupi likuchedwa kutsika ndinasiya masamba, n'kumadya mtedza umodzi wokha patsiku, ndipo mtedzawo ndinkagawana ndi nyerere, nyerereyo n'kuchoka ikudandaula kuti sinakhute. Pamenepo ndinasiyanso mtedza n'kuyamba kudya fungo. Ndinkapita pamsika, n'kuima chakumunsi kwa mphepo pamene amayi amakazinga zitumbuwa, n'kukoka mpweya, fuuu, ndiye chakudya cha tsikulo chatha, koma fungo la zitumbuwa ndi la mafuta, linayamba kundinenepetsa, ndiye ndinkatseka mphuno imodzi ndi chala n'kumanunkhiza ndi imodzi yokha, ndipo Lachisanu ndinkatseka zonse. Ndikunama? Kafunseni amayi a zitumbuwa, anandithamangitsa kuti ndikuwamalizira fungo, zitumbuwa zawo zikusanduka zozizira m'kamwa mwa ogula.

Zothamanga ndiye musanene. Tsiku loyamba nditaponda pansi kuti ndiyambe, mango osapsa anayoyoka m'mitengo yonse, zigafa ziwiri za fodya zinagwa, ku boma anthu anatuluka m'masitolo kuti kwachita chivomerezi. Ndinaona kuti ndiwononga mudzi, ndiye ndinapita kumunda, kumasula ng'ombe zanga, kudziveka goli ndekha m'khosi, n'kukoka khasu la ng'ombe, kulima munda wanga, osaima, kulowa wa oyandikana nawo, kulowa wa mpingo, kudutsa dambo, kukwera chulu n'kutsika nacho, mpaka ndinangomva munthu akukuwa kuti bambo inu mwalima bwalo la mpira la ku Malawi. Ng'ombe zanga nthawi yonseyo zili pamthunzi zikubzikula, zinanenepa mwakuti pobwerera kumudzi ndinazikweza m'ngolo n'kuzikoka ine. Thukuta limene ndinataya mwezi umenewo linadzaza dambo louma la kumunsi kwa sukulu, anthu anabzala mpunga, munabadwa nsomba, ndipo nsomba zake sizinkafuna mchere, zinkatuluka m'madzi zili zothira kale. Mafuta anga nawo ankasungunuka n'kumachucha m'njira, amayi kumanditsata ndi mabeseni, chaka chimenecho wogulitsa mafuta ophikira anatseka sitolo n'kubwerera kwawo. Mukumva?

Koma mtima sunakhazikike, chifukwa Zgambo ankakonda kuuza amayi pamjigo za ku Lukusuzi, kuti ankayenda tchire lonselo wapansi. Ndinati ngati ndi Lukusuzi, nane ndikaponda. Ndinanyamuka m'mawa ndikuthamanga, kudutsa minda, kudutsa midzi, agalu kundithamangira n'kutopa, anyamata a njinga zamoto kundithamangira n'kutha mafuta, ndipo nditafika cha ku Mphamba ndinacheuka n'kuona kuti chithunzithunzi changa palibe, chifukwa icho chinali chisanaonde, chinali chikadali chonenepa, chinakanika liwiro n'kukhala pansi pa mtengo chikupuma wefuwefu. Ndinachisiya. M'tchire la Lukusuzi afisi anamva fungo la mafuta ochucha aja n'kuyamba kunyambita m'mapazi mwanga, kunyambita, kunditsata, mpaka ananenepa n'kugona m'njira miyendo ili m'mwamba, kenako mkango unatulukira n'kuyamba kundithamangitsa, koma unkachedwa, ndiye ndinazungulira chulu n'kuupeza kumbuyo, n'kuyamba kuuthamangitsa ine kuti tiye m'bale wanga tichepetse thupi, unathamanga, unathamanga, lilime panja, mpaka unagwa n'kundiyang'ana ndi maso opempha, ndinaunyamula paphewa kukautula pamadzi. A gemu amene analipo anavula zipewa n'kunena kuti a Zgambo zaka zawo zonse sanachitepo zotere. Ndinabwerera tsiku lomwelo. Chithunzithunzi changa chinafika patapita masiku, chitakwera ngolo ya munthu wina.

Ndiye ndinaonda. Abale, ndinaonda. Mvula ikagwa ndinkayenda pakati pa madontho n'kufika kunyumba ndili wouma. M'neti ya udzudzu sindinkachita kukweza polowa, ndinkadzera pabowo, ndipo udzudzu umene unkandipezamo unkandimvera chisoni, unkapita kukaluma anthu ena n'kudzandithira magazi. Sikelo ngati iyi tikuidikirayi ndinaikolekapo dzanja n'kulendewera, muvi wake unabwerera m'mbuyo. Khungu lokha ndi limene silinachepe, linangotsala lendelende, ndinkalikulunga m'chiuno ngati chitenje, ndipo tsiku lina mvula itatidzidzimutsa ndinalitambasula n'kufunditsa chimanga chonse chimene chinali pabwalo. Vuto linali mphepo. Kamvuluvulu wina anandipeza khungu ndisanalikulunge bwino, anandinyamula, kudutsa pamwamba pa mitengo, pamwamba pa asilikali a pamalire aja, nthawi ino sanandione n'komwe, n'kukanditula m'dimba la mayi wina ku Kasungu, mayiyo ananditola n'kundizika pansi kuti amangirirepo tomato wake, ndinachita kutsokomola kuti adziwe kuti ndine munthu. Kuyambira pamenepo ndinkayenda ndi miyala m'matumba.

Tsono tamverani apa, poti apa ndi pamene pali nkhani. Nthawi yonseyi maso anga anali pachiuno cha Zgambo, sindinayang'ane nkhope ya mkazi wanga. Kumjigo anali atasiya kupita m'mawa, ankadikira anzake achoke. Inu mukudziwa mmene timanenera kuno: mwamuna akakankha mbale ya mkazi wake, ndiye kuti pali pena pamene akudya. Amayi a m'mudzi sanachedwe, ena amati a Phiri apeza kamtsikana ku boma, ena amati NyaMtonga dzanja lafa, ena amati taonani wamuumitsa mwamuna ngati fodya wa m'chigafa. Mayi amene ankayenda mutu uli m'mwamba uja anayamba kuyenda akuyang'ana zala zake za kumapazi. Tsiku lina atagwada ndi mbale ija sanavundukule, anangondiyang'ana, maso ali ofiira.

“Bambo a Tiyezge, ndiuzeni chilungamo. Mukudya kuti?”

Ndikanangonena. Koma nsanje ndi manyazi zikakwatirana zimabala chitsiru. Ndinati, “Ndakhuta.” Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, anatola mbale, n'kutuluka. Kuphika sanasiye ngakhale tsiku limodzi, chifukwa mkazi akasiya kuphika gawo la mwamuna wake anthu amati ndiye wamupha ndi njala. Ndipo ine, mutu wanga wonsewu, sindinadzifunse kuti mbale yodzaza ikatuluka pakhomo imapita kuti.

Linafika tsiku limene ndinati lero ndi lero, Zgambo ndimudutsa pamaso pa mkazi wanga. Ndinadzuka m'mamawa, khungu kulikulunga bwinobwino, miyala kuchotsa m'matumba, n'kuima pamsewu nditagwira nthambi kuti mphepo isanditenge. Ndinadikira psiti psiti uja. Zii. Dzuwa linakwera, ana anapita kusukulu, zii. Apo m'pamene ndinakumbukira kuti papita nthawi ndisanamve nsapato zimenezo, poti ine ndinkakhala ndili kutchire kuthamangitsa mikango. Dzuwa litafika pamutu ndinati ndikamusuzumire, kapena wafa, ndikakhale woyamba kulira. Pampanda wa nkhadze uja pali kampata kakang'ono kodzera nkhuku, ana ndi amayi, ndinadutsapo osakhudza kanthambi ngakhale kamodzi.

Mayo ine! Zimene ndinaona, mdani wanga yekha ndiye adzaone. Zgambo ali khale pakhonde, masaya ali phuliphuli, khosi lapinda kawiri, kamimba katakhala pamiyendo ngati mwana, wotchi ija yakana pamkono ili pakhoma, nsapato zoyera zili pakona nkhuku ikuikiramo mazira. Patsogolo pake, pakampando, mbale yanga. Ya maluwa ofiira. Chivundikiro chili pambali. Ndipo pakati pa zala zake, akuikweza kupita nayo kukamwa, nthutumba. Nthutumba ya tambala wanga, wa pakhomo panga, amene ndinamulera ndekha ndi gaga wanga!

“Monire a Phiri!” anatero, pakamwa pali noninoni. “Akazi anu ali ndi dzanja, yewo chomene. Sambani, fikani tidye.”

Mukumva? Kundiitanira chakudya changa, m'mbale yanga! Ndinafuna kukuwa koma mawu anali ataonda nawo, anangotuluka ngati a mwanapiye. Ndikucheuka, uyu NyaMtonga akutulukira kuseri ndi chikho cha thobwa m'manja. Sanadzidzimuke, sanagwetse chikho. Anachiika pansi bwinobwino pafupi ndi Zgambo, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo sizinamutengere nthawi poti panalibe zambiri zoyang'ana.

“Munati mwakhuta,” anatero. “Ndikanataya? Chakudya sititaya, timapatsa amene alibe womuphikira. Ndipo a Zgambo akadya amathokoza.”

Ndinalira, anyamata. Msozi umodzi wokha unandinyowetsa thupi lonse. Miyezi yonse ija ndikudya fungo ndi mphuno imodzi, ndikukoka goli, ndikunyamula mikango, kuteroko ndikunenepetsa mdani wanga ndi nkhuku zanga, ndiponso ndamutsegulira ndekha njira yoti mkazi wanga azimugwadira masana aliwonse. Ndinamugwira NyaMtonga padzanja, kudutsa naye pakampata paja, kufika pakhonde langa, kukhala pansi, n'kunena mawu amodzi okha: “Pakulani.”

Anapakula. Ndinadya zimene zinali mumphika, n'kunena kuti zina, anapha nkhuku, ndinadya, anapha ina, ndinadya ndi nthutumba zake kuyambira kumeneko, anatuma anthu kukagwira mbuzi, ndinadya, mbatata za pamzere wonse, maungu ndi nthanga zake, mtedza wa mbewu umene tinasungira dzinja, nkhokwe inayamba kutsika anthu akuiona, wa chigayo anachita kubwera ndi chigayo chake pangolo kudzachiimika pabwalo kuti ufa usamachedwe m'njira, ndipo khungu lija linayamba kudzaza, kumveka ngati akupopa chubu cha thirakitala, makwinya kutambasuka phu, phu, phu, mpando kuthyoka, kundibweretsera mtondo, mtondo kung'ambika, mpaka chithunzithunzi changa chimene chinkandizemba masiku onsewo chinabwera chokha n'kudzagona pambali panga, chikundikwana ndendende. NyaMtonga akuphika uku akuseka uku akulira, anatuma mwana kumjigo kuti kaitane amayi onse aja abwere adzaone ngati dzanja lafa. Anabwera, anaona, anabwerera mitu ili pansi. Mawa lake mkazi wanga anapita kumjigo m'mamawa, mutu uli m'mwamba.

Ndiye mukaona mimba iyi musamati Phiri analephera. Ndinaonda kuposa munthu aliyense m'boma lino, ndipo ndinanenepanso dala, tsiku limodzi. Panopa pakhomo panga sipatsala kanthu. Ndimadya zanga, ndimadya zotsala za adzukulu, ndimakokota miphika mpaka ina yabooka, kuti pasapezeke ngakhale fupa lowoloka mpanda uja. Anesi amakalipa mwezi ndi mwezi, zoyezera zawo zikuphulikabe, akuti a Phiri mudzagwa. Ndimati ndikagwa ndigwera pakhomo panga, mbale ili m'manja.

Chatsala ndi chimodzi chokha, kanthu kakang'ono. Tsiku lija potuluka kwa Zgambo ndinagwira dzanja la mkazi n'kuiwala mbale. Mpaka lero ndimadyera m'mbale ya pulasitiki ngati mwana wa sukulu. NyaMtonga anati musavutike, ndikatenga ndekha. Ndipo amapitadi, mayi wokhulupirika, masana aliwonse amapita kukaitenga, kaya n'chiyani chimene amafumbata kunsi kwa chitenje, akuti ndi sopo wotsukira mbaleyo. Amabwera chimanjamanja. Lero akuti a Zgambo anali mtulo, mawa akuti mbale inali isanaume, mkuja akuti anacheza n'kuiwala. Zgambo naye, munthu wopanda womuphikira, akungonenepera, sindikudziwa kuti akudya fungo la chiyani. Dzana mkazi wanga anatsamiranso tsache n'kunena kuti yayi, a Zgambo tsopano akuoneka munthu.

Mukuti bwanji osapita ndekha? Ndinapita! Ndinalowetsa mutu pakampata paja, mapewa analowa, mimba inakana, kutsogolo ayi kumbuyo ayi, utomoni wa nkhadze uli m'maso, anachita kubwera ndi ng'ombe zanga zija kudzandizula. Kuzungulira kumsewu, galu wake amandimva ndikadali kutali poti nthaka imagwedezeka, ndikamafika chitseko chili chotseka. Kuti ndikwane pakampata paja ndiyenera kuonda, kuti ndionde ndiyenera kusiya chakudya m'mbale, ndipo chakudya chikatsala inu mukudziwa kale kumene chimapita. Mukuseka chiyani? Ine nsanje ndilibe, inatha kalekale, ndikungofuna mbale yanga.

Dzuwa lili pati? Lafika kale pamutu? Iwe wa chipewa chofiira, ndiyang'anire thumba ili, wogula akabwera umuuze adikire. Gwira njingayi ndikwere, gwiritsa, tiye, kankha! Ino ndiyo nthawi imene NyaMtonga amapita kukatenga mbale.